Amene Amaima M'mphepete mwa Ayezi

Mu 1992 Frank Carroll anachoka ku Lake Arrowhead, m'mapiri a ku California, kupita ku msonkhano wa aphunzitsi anzake. Kumbuyo anasiya mtsikana amene anali asanakwanitse n'komwe zaka 13, dzina lake Michelle Kwan. Anali atamuuza kale kuti nthawi yolowa m'gulu la akuluakulu sinakwane, ayambe wakhwimira kaye pakati pa achisodzera anzake. Pobwerako anapeza mwanayo atakayesedwa mayeso olowera m'gulu la akuluakulu, ndipo atakhoza. Pa masewera otsetsereka pa ayezi mayeso amenewa alibe chibwereza. Ukakhoza wakhoza, kwa ana sungabwererekonso.

Carroll anapsa mtima kwambiri. Koma mtima utatsika sanamuthamangitse mwanayo, ndiponso sanamusiye kuti aone yekha polekera. Anangomuonjezera ntchito. Kudumpha Kwan ankadumpha kale. Chimene chinkasowa chinali kuyenda pa ayezi ngati munthu wamkulu, kumva nyimbo, kudziwa chochita ndi manja komanso nkhope. Carroll anagwirizana ndi Lori Nichol, katswiri wokonza mavinidwe, ndipo mu 1996 ku Edmonton Kwan anakhala ngwazi ya dziko lonse ali ndi zaka 15. Ukatswiri umenewu anautenga kasanu pamoyo wake, ndipo wa m'dziko la America anautenga maulendo 9.

Mu Okutobala 2001, kutatsala miyezi inayi kuti masewera a Olimpiki a ku Salt Lake City ayambe, Kwan anasiyana ndi Carroll. Anati akufuna kudziyendetsera yekha zinthu. Anapita ku Olimpikiko wopanda mphunzitsi, bambo ake ndi amene ankaima kumpanda, ndipo anathera pa nambala 3. Carroll anavomera poyera kuti nkhaniyo inamudzidzimutsa. Wophunzira wake woyamba kutenga golide wa Olimpiki anadzakhala Evan Lysacek mu 2010, mkuluyu ali ndi zaka 71.

Nkhani ya anthu awiriwa ili ndi zonse zimene zimavuta pakati pa mphunzitsi ndi mwana waluso kwambiri. Mwana wotere safuna kudikira. Makolo ake safuna kudikira, bungwe la masewera m'dziko lake silifuna kudikira, atolankhani ndiye osanena. Pa anthu onse omuzungulira, mmodzi yekha ndi amene amadziwa bwino kuti bondo, msana ndi maganizo a mwanayo zafika pati, ndipo ndi yemweyonso amene dzina lake lingatchuke mwanayo akapambana msanga. Vuto lagona pamenepa. Munthu woyenera kunena kuti "tadikira kaye" ndi amenenso amapindula kwambiri akapanda kunena.

Kwa wozolowera mpira wamiyendo, ubale umenewu ndi wovuta kuumvetsa. Mphunzitsi wa timu ya mpira ali ndi osewera oposa makumi awiri, ndipo akakangana ndi mmodzi amamukhazika pabenchi n'kuika wina. Pa ayezi si choncho. Ana ambiri amayamba ali ndi zaka zinayi kapena zisanu, ndipo waluso amatha kukhala ndi mphunzitsi mmodzi zaka khumi kapena kuposa, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, nthawi zambiri kuyambira mbandakucha sukulu isanayambe. Mphunzitsiyo amasankha nyimbo, amakonza dongosolo la malumphidwe, amayenda ndi mwanayo m'mayiko akutali, mwinanso amalowerera pa zakudya ndi pa zogona. Pa mpikisano amaima kuseri kwa kampanda kozungulira bwalo atanyamula jekete la mwanayo, botolo la madzi ndi zotchingira mipeni ya kunsi kwa nsapato. Mawu omaliza amene wosewera amamva nyimbo isanayambe ndi ake, ndipo nkhope yoyamba imene amaiona potuluka ndi yake. Kenako awiriwo amakhala limodzi pakabenchi, makamera atawaloza, kudikira malikisi. Ku Nagoya, Machiko Yamada anafika pomutenga Midori Ito n'kumakhala naye m'nyumba mwake ngati mwana wake, ndipo Ito ndi amene mu 1988 anakhala mkazi woyamba kudumpha Axel yozungulira katatu ndi theka pa mpikisano.

Mphamvu yaikulu chonchi pa mwana wa eni imatha kumanga, imathanso kuononga. Ku France, mu 2020, Sarah Abitbol, amene anapatapo mendulo pa mpikisano wa dziko lonse mu 2000, analemba buku momwe ananena kuti mphunzitsi wake Gilles Beyer ankamugwirira kuyambira ali ndi zaka 15. Mkulu wa bungwe la masewerawa m'dzikomo, Didier Gailhaguet, anatula pansi udindo mu Febuluwale chaka chomwecho. Abitbol anasunga nkhaniyo mumtima zaka pafupifupi 30. Mwana amene tsogolo lake lonse lili m'manja mwa munthu mmodzi sakhala ndi kodandaulira, n'chifukwa chake mphunzitsi wabwino amafuna yekha kuti pakhale maso ena: makolo, dokotala wodziimira payekha, mphunzitsi mnzake.

Koma kuononga kofala kwambiri sikuphwanya lamulo lililonse, ndipo kumachitika anthu akuomba m'manja.

Kuti munthu azungulire kanayi m'malere ali ndi nthawi yosakwana sekondi imodzi. Amanyamuka pampeni wopyapyala mamilimita anayi okha, amakokera manja pachifuwa, amazungulira, n'kutera ndi mwendo umodzi akubwerera chammbuyo, ndipo mphamvu imene imagunda kakolo, bondo ndi chiuno imaposa kulemera kwa thupi lake kangapo. Thupi lochepa, lopanda chiuno ndi mapewa otambalala, limazungulira msanga. Zikutanthauza kuti mtsikana wosatha msinkhu ali ndi mwayi umene mkazi wa zaka 22 alibe. Aphunzitsi onse amazidziwa zimenezi. Amene anazigwiritsa ntchito kuposa wina aliyense ndi Eteri Tutberidze wa ku Moscow, pa bwalo la Khrustalny la sukulu ya Sambo-70.

Luso la mayiyu palibe angalitsutse. Yulia Lipnitskaya anathandiza Russia kutenga golide wa matimu ku Sochi mu 2014 ali ndi zaka 15. Evgenia Medvedeva anakhala ngwazi ya dziko lonse mu 2016 ndi 2017. Alina Zagitova anatenga golide wa Olimpiki ku Pyeongchang mu 2018, nayenso ali ndi zaka 15, ndipo anapambana ndi nzeru ya aphunzitsi ake: malamulo a nthawiyo ankaonjezera malikisi pa kudumpha kulikonse kochitika m'chigawo chachiwiri cha nyimbo, choncho malumphidwe ake onse anawaunjika kumapeto, pamene miyendo yatopa kale. Patangopita milungu iwiri, pa mpikisano wa achisodzera ku Sofia, Alexandra Trusova wa zaka 13 anadumpha mozungulira kanayi maulendo awiri pa nyimbo imodzi, zimene mkazi aliyense anali asanachitepo.

Tsono taonani kumene ana amenewa anathera. Lipnitskaya anasiya masewerawa mu 2017 ali ndi zaka 19, atakalandira chithandizo cha matenda okana chakudya poopa kunenepa. Medvedeva anapita ku Pyeongchang fupa la phazi litangochira kumene, ndipo pambuyo pake msana unamuvuta mpaka kulephera malumphidwe ena. Zagitova anaimitsa zopikisana mu Disembala 2019 ali ndi zaka 17, anzake ocheperapo a pabwalo lomwelo atayamba kumuposa. Zili ngati nthochi zovundikira: zimapsa msanga, zimaoneka bwino pamsika, koma sizikhalitsa. Ndipo pabwalo limene ana aluso amabwera kuchokera m'dziko lonse lalikulu ngati Russia, mphunzitsi sakakamizika kusamala amene ali naye, chifukwa wina wocheperapo ali kale pakhomo.

Zonsezi zinaonekera poyera ku Beijing usiku wa pa 17 Febuluwale 2022. Kamila Valieva, wa zaka 15, ndi amene aliyense ankati atenga golide. Masiku khumi m'mbuyomo anali atakhala mkazi woyamba kudumpha mozungulira kanayi pa Olimpiki. Kenako kunamveka kuti mkodzo umene anapereka pa 25 Disembala 2021 ku Saint Petersburg unapezeka ndi trimetazidine, mankhwala a mtima oletsedwa pa masewera. Khoti loona za masewera linamulola kupitiriza kupikisana, ndipo kwa sabata yathunthu makamera a dziko lonse ankamutsata pobwera ndi popita kokonzekera. Palibe wamkulu aliyense womuzungulira amene anati basi, mwanayu apite kwawo akapume.

Usikuwo analowa komalizira, akutsogola. Anapunthwa pa malumphidwe oyambirira, anagwa kawiri, ndipo nyimbo itatha anaponya dzanja m'mwamba mosonyeza kutaya mtima, n'kuwerama akulira. Atafika pakhomo la kampanda, Tutberidze sanamukumbatire. Maikolofoni anajambula mawu ake: "Wagonjeranji? Wasiyiranji kulimbana? Tandifotokozera." Valieva anathera pa nambala 4. Chapafupi pomwepo Trusova, amene anadumpha mozungulira kanayi maulendo asanu koma n'kupata siliva, ankalira mokuwa, utoto wa m'maso ukutsikira m'masaya, akunena kuti masewerawa akudana nawo ndipo aliyense ali ndi golide kupatula iye. Anna Shcherbakova, amene anali atangopambana golide wa Olimpiki, anakhala yekhayekha pampando atakumbatira chidole, wopanda womuyamikira. Onse atatu anali ophunzira a mphunzitsi mmodzi.

Mawa lake Thomas Bach, mtsogoleri wa komiti ya Olimpiki pa nthawiyo, anati kuzizira mtima kumene anaona pa anthu omuzungulira Valieva kunamuchititsa nthumanzi. Mneneri wa boma la Russia, Dmitry Peskov, anayankha kuti kuuma mtima kwa mphunzitsi ndi kumene kumabweretsa chipambano pa masewera apamwamba. Anthu ambiri amaganiza ngati Peskov, ngakhale m'mayiko amene ayezi amangomuona m'firiji, ndipo mfundo yawo ili ndi mbali yoona: palibe amene anafikapo pa Olimpiki pongosisitidwa. Jutta Müller wa ku East Germany, amene anaphunzitsa Katarina Witt kufikira golide wa 1984 ndi 1988, ankadziwika ndi ukali. Koma funso la Tutberidze silinali ukali wophunzitsa. Mpikisano unali utatha, panalibe chokonza. Chimene mwana wa zaka 15 ankafunika kudziwa pamphindi imeneyo n'chakuti munthu amene wakhala naye tsiku ndi tsiku akumuonabe ngati munthu ngakhale golide wapita, ndipo sanachimve.

Mu Januwale 2024 khoti lija linamuletsa Valieva kupikisana zaka zinayi kuyambira tsiku limene anayezedwa. Zikalata za mlanduwo zinasonyeza kuti m'zaka ziwiri, ali ndi zaka zapakati pa 13 ndi 15, anapatsidwa mitundu 56 ya mankhwala ndi zoonjezera mphamvu m'thupi. Chilango chinagwera iye. Tutberidze anapitiriza kuphunzitsa.

Pali vuto lina limene aphunzitsi otchuka okha ndi amene amakumana nalo: kukhala ndi akatswiri awiri olimbirana mendulo imodzi. Ku Pyeongchang mu 2018 zinachitika kawiri m'sabata imodzi, ndipo mathero ake anasiyana kwambiri.

Kwa akazi, Zagitova anaposa Medvedeva ndi malikisi 1.31 okha. Medvedeva anali atakhala ndi Tutberidze zaka pafupifupi khumi ndi chimodzi. Mu Meyi chaka chomwecho anasamukira ku Canada, ndipo Tutberidze anapita pa wailesi yakanema n'kuulula kuti mtsikanayo, potuluka pa ayezi ku Olimpiki, anamufunsa chifukwa chake sanamusunge Zagitova kwa achisodzera chaka china chimodzi. Mawu amene mwana wa zaka 18 anayankhula mtima ukuwawa, kwa munthu amene ankamukhulupirira, anasanduka chida chomuchititsira manyazi pamaso pa dziko lake. Kaya mawuwo ananenedwa ndendende choncho kapena ayi, mphunzitsi sayenera kutulutsa kunja zimene wauzidwa pakampanda. Medvedeva anadzabwerera kwa Tutberidze mu 2020, koma pa mipikisano ikuluikulu sanaonekenso.

Kwa amuna, Brian Orser wa ku Toronto anali ndi Yuzuru Hanyu wa ku Japan ndi Javier Fernández wa ku Spain. Orser mwiniwake amadziwa kuwawa kwa nambala 2, chifukwa anapata siliva pa Olimpiki ya 1984 ndi ya 1988, yachiwiriyo m'dziko lakwawo, ku Calgary. Fernández anafika kwa iye mu 2011, mnyamata waluso koma wokonda tulo ndi wochedwa pa zokonzekera, monga iye mwini amavomerezera. Hanyu anafika mu 2012, ndipo china mwa zimene zinamukoka chinali kufuna kuona tsiku ndi tsiku mmene Fernández amadumphira. Orser asanamulandire anayamba wafunsa Fernández ngati zili bwino. Ndi kanthu kakang'ono, koma kanasonyeza wophunzira woyambayo kuti malo ake sakulandidwa mwamseri.

Anyamata awiriwa ankafunika zinthu zosiyana kotheratu. Fernández ankafunika womudzutsa ndi womukankha. Hanyu ankafunika womugwira malaya, chifukwa akanatha kudumpha mpaka thupi kusweka. Orser ndi mnzake Tracy Wilson ankawayambitsa onse ndi zinthu zooneka zachibwana, kuyenda pa ayezi mokhotakhota, kugwiritsa ntchito bwino mbali zonse za mpeni, zimene katswiri wodziwa kale kuzungulira kanayi amaona ngati kutaya nthawi. Fernández anagonjetsa Hanyu pa mpikisano wa dziko lonse mu 2015 ku Shanghai ndi mu 2016 ku Boston. Hanyu anabweza mu 2017 ku Helsinki. Pa mipikisano Orser ankaoneka akuvula jekete la Japan n'kuvala la Spain pakati pa osewera awiriwo, ndipo nthawi ya Hanyu ankanyamula kabokosi ka timapepala topukutira kooneka ngati chidole cha Winnie the Pooh, bambo wa zaka zoposa 50 atakakumbatira mosachita manyazi.

Ku Pyeongchang Hanyu anapita atatha miyezi yoposa itatu osapikisana, atavulala kakolo lakumanja mu Novembala 2017 ku Osaka poyeserera kudumpha Lutz yozungulira kanayi. Malumphidwe ovuta kwambiriwo anawasiya, anatsala ndi mitundu iwiri yozungulira kanayi imene mwendo ukanapirira, ndipo anatenga golide wake wachiwiri motsatizana, zimene mwamuna aliyense anali asanachite kuchokera pa Dick Button mu 1952. Fernández anakhala wachitatu. Asanakwere pansanja, Fernández anauza Hanyu kuti iyi ndi Olimpiki yake yomaliza, ndipo Hanyu analira atamukoleka m'khosi, akunena kuti popanda iye sangathe.

Kuyerekeza kumeneku kuli ndi malire ake. Ophunzira a Orser anali amuna aakulu ochokera m'mayiko awiri osiyana, sankalimbirana malo m'timu imodzi monga atsikana a ku Moscow. Ndipo Orser nayenso ali ndi zipsera. Anasiyana moipa ndi Yuna Kim wa ku South Korea mu Ogasiti 2010, patangopita miyezi isanu ndi umodzi Kim atatenga golide ku Vancouver, mbali zonse ziwiri zikuyankhulana kudzera kwa atolankhani. Choopsa kwambiri chinachitika mu Novembala 2014 ku Shanghai. Pa mphindi zotenthetsa thupi mpikisano usanayambe, Hanyu anawombana mwamphamvu ndi Yan Han wa ku China, n'kugona pa ayezi magazi akutuluka pachibwano ndi kumutu. Patapita kanthawi analowanso atamangidwa bandeji kumutu. Anagwa kasanu, koma anamaliza nyimbo yonse, ndipo anthu anamutama kuti ndi wolimba mtima. Orser anafotokoza kuti anamuuza kuti ino si nthawi yodzionetsa ungwazi, koma mnyamatayo anaumirira. Apa m'pamene mphunzitsi anayenera kukana, ngakhale zikanatanthauza kudana naye mwezi wathunthu. Mnyamata wa zaka 19 amene wangomenyetsa mutu si woyenera kugamula yekha ngati mutuwo uli bwino. Kulemekeza maganizo a wophunzira ndi chinthu chabwino, koma pali masiku ena pamene kumasanduka njira yothawira udindo.

Ndiye mphunzitsi agwire pati, ataye pati? Yankho limasintha ndi msinkhu wa wophunzira, ndipo amene anazionetsa bwino ndi Rafael Arutyunyan, mkulu wolankhula mosapsatira, wobadwira ku Tbilisi koma wophunzitsa ku California. Nathan Chen anayamba kupita kwa iye ali mwana, mayi ake akumuyendetsa pagalimoto ulendo wautali kuchokera ku Salt Lake City. Banjali linalibe ndalama zambiri, ndipo Chen anafotokozapo kuti nthawi zina mphunzitsiyo ankabweza ndalama zimene mayi ake apereka. Arutyunyan ankamanga malumphidwe a mwanayo kuyambira pansi, ndipo ankafuna kuti wophunzira azimvetsa chifukwa chimene wagwera, asamangodikira kuuzidwa.

Ku Pyeongchang Chen, ali ndi zaka 18, analakwitsa malumphidwe onse atatu pa gawo loyamba la mpikisano n'kukhala nambala 17. Mawa lake anadumpha mozungulira kanayi maulendo asanu ndi limodzi n'kukwera kufika pa nambala 5. Chaka chomwecho anachita zimene aphunzitsi ambiri sakanalola: anapita kukaphunzira pa yunivesite ya Yale, pafupifupi makilomita 4,000 kuchokera kwa mphunzitsi wake. Arutyunyan sanabise kuti sizikumusangalatsa, koma sanamuopseze kuti asankhe chimodzi. Chen ankakonzekera yekha, n'kumalankhula ndi mphunzitsiyo pafoni ndi pa vidiyo. Anakhala ngwazi ya dziko lonse mu 2019 ndi 2021, ndipo ku Beijing anatenga golide. Zinatheka chifukwa zaka zonse zam'mbuyozo anaphunzitsidwa kudziona yekha. Wophunzira amene wazolowera kuyang'ana kumpanda akangotera sakanatha mwezi umodzi ku Yale.

Izi sizikutanthauza kuti katswiri akakula mphunzitsi alibenso ntchito. Shoma Uno, amene anapata siliva ku Pyeongchang, anachoka kwa Machiko Yamada ndi Mihoko Higuchi mu 2019 n'kuyamba nyengo yatsopano wopanda mphunzitsi. Mu Novembala chaka chimenecho ku Grenoble anagwa mobwerezabwereza, n'kuthera pa nambala 8, ndipo anakhala yekha pakabenchi kodikirira malikisi akulira, anthu m'bwalomo akuitana dzina lake. Stéphane Lambiel wa ku Switzerland anamutenga n'kupita naye ku Champéry. Lambiel analibe zambiri zomuphunzitsa pa kudumpha zimene Uno sankazidziwa kale. Anamubwezera chikondi cha masewerawo, ndipo Uno anakhala ngwazi ya dziko lonse mu 2022 ndi 2023.

Pambuyo pa za ku Beijing, bungwe la International Skating Union linakumana ku Phuket mu Juni 2022 n'kuvota, mavoti 100 kwa 16, kuti msinkhu wolowera m'gulu la akuluakulu ukwere pang'onopang'ono kuchoka pa zaka 15 kufika pa 17 pofika nyengo ya 2024 mpaka 2025. Lamuloli ndi labwino, ndipo linachedwa. Limachotsa phindu lothamangitsira mwana wa zaka 15 ku Olimpiki. Koma silifika pabwalo lokonzekerera 6 koloko m'mawa, pamene mwana wa zaka 11 wagwa kakhumi ndipo mphunzitsi ayenera kusankha ngati anene kuti "bwerezanso" kapena "kavule nsapato". Ana akupitirizabe kuphunzira kuzungulira kanayi m'gulu la achisodzera, ndipo tsopano ayenera kusunga matupi awo zaka zina ziwiri asanafike pamene pali mendulo zazikulu. Ntchito ya mphunzitsi woleza mtima yakula kuposa kale.

Alysa Liu wa ku California anadutsa njira zonse ziwiri. Mu 2019 anakhala ngwazi ya dziko la America ali ndi zaka 13, wamng'ono kuposa wina aliyense m'mbiri ya mpikisanowo, wamfupi moti anzake anachita kumukoka dzanja kuti akwere pansanja. Anapita ku Olimpiki ya ku Beijing, anapata mendulo ya nambala 3 pa mpikisano wa dziko lonse mu Malichi 2022, ndipo mwezi wotsatira analengeza kuti wasiya. Anali ndi zaka 16. Moyo wake wonse kufikira pamenepo unali wokonzedwa ndi anthu ena, ndipo ankafuna kukhala ndi abale ake, kupita kusukulu, kuyenda ndi anzake.

Patapita zaka ziwiri anaimbira foni Phillip DiGuglielmo, mmodzi wa aphunzitsi ake akale, kumuuza kuti akufuna kubwerera. DiGuglielmo anayesetsa kumubweza maganizo, akumukumbutsa kuti akazi ambiri amene anayesa kubwerera analephera. Mphunzitsi amene wapatsidwa mwayi wotenganso mwana waluso chonchi n'kuyamba ndi kumuletsa ndi wosowa. Liu anaumirira, koma anaika mfundo zake: nyimbo azisankha nawo, zovala azisankha nawo, za chakudya chake wina asalowererepo, ndipo akafuna kupuma apume. DiGuglielmo ndi Massimo Scali anavomera. Iwo anatsala ndi ntchito yawo yeniyeni, kuona pamene phewa latsika kapena pamene mwendo wachedwa ponyamuka, ndi kumuuza zoona ngakhale zosakoma.

Mu Malichi 2025 ku Boston, Liu anapambana mpikisano wa dziko lonse ali ndi zaka 19, mkazi woyamba wa ku America kutero kuchokera pa Kimmie Meissner mu 2006. Osewera a ku Russia kunalibe, chifukwa analetsedwa kuyambira 2022 kaamba ka nkhondo ya ku Ukraine, ndipo Liu sanadumphe mozungulira kanayi ngakhale kamodzi. Wachiwiri anali Kaori Sakamoto wa ku Kobe, wa zaka 24, amene anali atapambana mpikisanowu zaka zitatu zotsatizana, chinthu chimene mkazi aliyense anali asanachite kuchokera pa Peggy Fleming mu 1968. Sakamoto anakhala ndi mphunzitsi mmodzi, Sonoko Nakano, kuyambira ali ndi zaka zinayi. Nakano si mayi wofatsa, ndipo Sakamoto ananenapo poyera kuti ankakalipiridwa. Koma thupi la mtsikanayo litayamba kusintha, Nakano sanayang'ane kwa wina wocheperapo. Anamanga masewera ake pa liwiro ndi pa Axel yozungulira kawiri ndi theka imene imauluka mtunda wautali, zinthu zimene thupi la munthu wamkulu limachita bwino kuposa la mwana, ndipo Sakamoto anapita ku Olimpiki ya 2018 ndi ya 2022 ali ndi mphunzitsi yemweyo kumpanda.